Diwa, khasu ndi choko: mmene sukulu za ku Petauke ndi Nyimba zakhala zikuchitira ndi maphunziro a kutchire

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, cha mu Juni ndi Julayi, minda ya m'mbali mwa msewu wa Great East pakati pa Nyimba ndi Petauke imadzaza anyamata. Wina wanyamula kakhasu kakutha, wina kachitini, wina chikuni cha moto chimene akuchiuzira kuti chisazime. Onse maso ali pansi. Mmodzi, wazaka ngati khumi, wagwada pa una. Akuyang'ana ngati dothi la pakhomo ndi lofukulidwa kumene, ndipo ataona kuti kangaude walukapo ukonde akudzuka n'kupitirira, chifukwa mwini una anasamuka kale. Pa una wina akuyamba wazungulira kufunafuna kakhomo kobisika kothawira, n'kuikapo mng'ono wake kuti alondere ndi chibonga. Akamakumba, amatsogoza kamtengo m'unamo. Dzanja salowetsa, pakuti una wa mbewa nthawi zina umakhala kuti walowedwa ndi njoka.

Lolemba m'mawa mnyamata yemweyu amakhala pa desiki ya anthu anayi m'kalasi ya Giredi 4, akukopera m'kope mayina a ziwalo za chomera. Pa zonse zimene anachita Loweruka kumunda, palibe chimene chidzamupatse malikisi. Kwa zaka zoposa 100 sukulu za kuno zakhala zikuyesa kutulutsa ana panja kuti akaphunzire ndi manja, ndipo nthawi iliyonse zinkabwera ndi dzina latsopano ndiponso cholinga cha munthu wina.

Sukulu zisanabwere, mphunzitsi wa mwana anali mudzi wonse. Dera limeneli ndi la Ansenga, a Mfumu Yaikulu Kalindawalo ndi mafumu ena monga Mumbi, Nyamphande, Mwanjawanthu, Sandwe ndi Ndake. Kutsikira kuchigwa cha Luangwa kuli Nyalugwe, Mwape ndi Luembe wa Aambo, ndipo kumunsi cha ku Feira kuli Achikunda amene makolo awo anatchuka ndi kusaka njovu ndi kupalasa mabwato. Ansenga amatsata mbumba ya kuchikazi, choncho malume anali ndi mawu aakulu pa kaleredwe ka mphwake. Mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo n'kukagona kugowelo ndi anzake. Madzulo ankakhala kumphala, kumene amuna ankasema mipini, kuluka mphasa ndi kukamba za ulenje, iye akutumidwa kukatenga moto uku makutu ali tcheru.

Diwa linali phunziro loyamba la ambiri. Mwala wafulati umaimikidwa chopendekera pa kamtengo, kamtengoko kamagwiridwa ndi kachingwe ka luzi, ndipo kumapeto kwa luzi kumamangidwa nyambo, kaya ndi mtedza kaya njere ya chimanga chokazinga. Ukamangitsa kwambiri, mbewa imadya nyambo n'kuchoka ili wefuwefu ndi kukhuta. Ukalekerera, mphepo yokha imagwetsa mwala. Mwana ankaphwanyidwa chala kamodzi kapena kawiri asanadziwe muyeso wake, ndipo mayeso ake ankalembedwa m'mbale ya ndiwo. Pambuyo pake pankabwera ulimbo wa mbalame, mono wa nsomba, kupeka moto ndi timitengo tiwiri, ndi kutsata nsadzu, kambalame kamene kamalondolera munthu ku njuchi. Ankamuuzanso kuti akafula uchi asiyeko chisa pamtengo kuti nsadzuyo adye.

Atsikana anali ndi sukulu yawo, imene olemba mbiri ambiri anaidumpha. Ku masanje ankaphika zenizeni m'timiphika tating'ono. Potsatira amayi ndi agogo ankaphunzira kuti bowa uyu ndi wodya, uyu wofanana naye ndi wakupha. Kuti therere la kutchire limamera pati. Kuti masuku amapsa mvula ikamayamba, pamene masau ndi malambe ndi za chilimwe. Kuti mumtsinje wouma madzi amapezeka ukafukula mchenga pokhota. Pa chinamwali ndi pamene alangizi ankamangirira zonsezi pamodzi ndi mwambo wa banja. M'chaka cha njala, nzeru za atsikanazi ndi zimene zinkapulumutsa mudzi kuposa uta wa mlenje.

Tchire lake silinali lamasewera. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana, n'kukhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga. Pambuyo pake kunabwera a Mpezeni, kwinaku ogula akapolo ndi minyanga akukwera kuchokera ku Zambezi. Kudziwa phiri lobisalako ndi njira yosasiya mapazi inali nkhani ya moyo ndi imfa. Panalinso kashembe, wofalitsa matenda a kaodzera. Kachilombo koyambitsa matenda a kaodzera a mtundu woopsa kwambiri kanadziwika kwa madokotala mu 1910 m'magazi a mzungu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa ku Rhodesia, ndipo n'chifukwa chake kanapatsidwa dzina lakuti rhodesiense. Anthu a m'chigwa anali atadziwa kalekale nkhalango zoyenera kuzilambalala, ndiponso chifukwa chimene ng'ombe sizinkakhalira kumeneko.

Ngakhale nyimbo zinali za panjira. John Blacking, katswiri wa zoimbaimba amene anafika ku Petauke mu 1961 pamodzi ndi Raymond Apthorpe, analemba za kalimba wa Ansenga, chida chimene anyamata ankaimba ndi zala zazikulu akuyenda okha mtunda wautali.

Choko chinafika ndi amishoni. Mpingo wa Dutch Reformed wochokera ku Orange Free State, utakhazikika ku Magwero mu 1899, unatsegula Nyanje mu 1905, Hofmeyr kufupi ndi Nyimba mu 1914, kenako Merwe kufupi ndi Petauke. A Anglican anali ku Msoro, kumene wansembe wa ku Nyasaland, Leonard Kamungu, anagwira ntchito mpaka imfa yake mu 1913. Akatolika a White Fathers anamanga Minga. Sukulu za m'midzi za nthawi imeneyo zinali za panja mwa njira ina: pansi pa mtengo kapena m'chisakasa cha udzu, ana akulemba zilembo ndi chala pamchenga. Koma zimene ankaphunzira zinali za m'buku, kuwerenga Baibulo ndi katekisimu, ndipo zambiri za kumudzi, makamaka chinamwali ndi magule, zinkatchedwa zachikunja. Pamishoni penipeni ophunzira ogonera ankalima, kuumba njerwa ndi kupala matabwa, mbali ina kuti aphunzire luso, mbali ina kuti mishoniyo idye ndi kumangidwa mosaononga ndalama.

Kampani ya British South Africa, imene inalamulira dzikoli mpaka 1924, sinkaikako ndalama ku maphunziro a anthu akuda kupatula sukulu imodzi ya ku Barotseland. Chaka chimene boma la Britain linatenga ulamuliro, kunabwera nthumwi za Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones wa ku America, pamodzi ndi James Aggrey wa ku Gold Coast. Uthenga wawo unali wakuti mwana wa mu Afirika aphunzitsidwe zogwirizana ndi moyo wa kumudzi: dimba, ukhondo, ntchito zamanja. Geoffrey Latham, amene anaikidwa kukhala mkulu wa maphunziro a anthu akuda mu 1925, anatsata maganizo amenewa. Sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Mazabuka, n'kusamukira ku Chalimbana mu 1939, kuti iziphunzitsa aphunzitsi oyendera midzi pamodzi ndi akazi awo. Aphunzitsiwo ankabwerera kwawo ndi nzeru za kukumba zimbudzi, kupanga manyowa ndi kulima m'mizere.

Papepala zinkamveka bwino. Makolo anaziona mwina. Bambo amene wayenda wapansi mpaka ku Salisbury kapena ku migodi kuti apeze ndalama ya msonkho anali ataona ndi maso ake kuti wodziwa Chingerezi ndi masamu amakhala pamthunzi ndi cholembera, pamene wa khasu amapsa ndi dzuwa. Kutumiza mwana kusukulu kuti akamuphunzitse kulima, ntchito imene amayi ake ankaidziwa kuposa mphunzitsi, kunali ngati kumunyoza. Ndipo sanalakwe kwenikweni, popeza ana a azungu ku Lusaka ndi ku Broken Hill sankapatsidwa maphunziro a khasu amenewa. Kukayikira kumeneku kunazika mizu, ndipo mpaka lero sikunazuke.

Ma Scout nawo anafika ndi tsankho lawo. Robert Baden-Powell, amene anayambitsa gululi ndi buku lake la mu 1908, anatola zambiri za kulondola mapazi pa nkhondo za ku Matabeleland. Koma gululi litafika ku Northern Rhodesia, anyamata akuda anapatulidwa n'kutchedwa ma Pathfinder, atsikana ma Wayfarer, kuti asasakanikirane ndi ana a azungu. Kenneth Kaunda ali mphunzitsi ku Mufulira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ankatsogolera gulu lotere. Nkhaniyi ili ndi koseketsa kake: mnyamata amene anayamba kupeka moto asanatuluke mano a ukulu ankayenera kuonetsa kuti angathe kukoleza moto ndi machesi osaposa awiri kuti alandire baji. Komabe anyamata ankalikonda gululi chifukwa cha yunifolomu, wezulo, maulendo ndi mfundo za zingwe, ndipo ufulu utabwera linakhala limodzi la ana onse a mu Zambia.

Kuyesa kwakukulu kunachitika m'nthawi ya Kaunda. Sukulu zapulayimale zinachuluka mofulumira pambuyo pa 1964, koma malo a Fomu 1 anali ochepa, moti ana ambiri ankathera pa Giredi 7 n'kubwerera kumudzi ali ndi zaka 14, khasu akuliona ngati chilango. Julius Nyerere ku Tanzania anali atalengeza kale mu 1967 za maphunziro odzidalira. Mtengo wa kopa utagwa, Kaunda analamula mu 1975 kuti sukulu iliyonse ikhale ndi Production Unit, imene ana ndi aphunzitsi anangoifupikitsa kuti PU. Omaliza Fomu 5 ankapita ku Zambia National Service kukaphunzira usilikali ndi ulimi. Chikalata cha mu 1976 chotchedwa Education for Development chinkafuna kuti ntchito ndi maphunziro zilukane kotheratu, koma anthu atakambirana dziko lonse, makamaka ophunzira a m'matauni atachikana, chikalata chomaliza cha mu 1977 chinatuluka chitathiridwa madzi.

Ku Petauke, dziko la mtedza, chimanga, thonje ndi mpendadzuwa, PU sinavute kuyamba. Malo analipo, mafumu anapereka. Amene anaphunzira zaka zimenezo amakumbukira kunyamula khasu la kunyumba pamodzi ndi makope, mzere wa ana akupalira kumbuyo kwa nyumba za aphunzitsi, makola a akalulu ndi nkhuku, ndi ma Young Farmers' Club amene ankapikisana pa zionetsero za ulimi. Pamene panali mphunzitsi wokonda ntchitoyo, ana anaphunziradi kuyeza munda ndi chingwe, kuwerengera feteleza, kufesa nazale ndi kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka. Ndalama za zokolola zinagula choko ndi mipira, penanso malata.

Pamene panalibe mphunzitsi wotero, PU inasanduka thangata. Ana ankalima osauzidwa chifukwa chake, zokolola osadziwa kumene zapita, ndipo malire a munda wa sukulu ndi munda wa aphunzitsi ankasowa. Choipa kwambiri chinali chakuti ntchito yomweyo inali chilango. Wochedwa, zula chitsa. Wolongolola m'kalasi, tenga chikwakwa ukatchetche bwalo. Wothawa, kumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno. N'zovuta kuuza mwana Lachiwiri kuti khasu ndi ulemu wa munthu, Lachitatu n'kumupatsa khasu lomwelo chifukwa walakwa. Lamulo la maphunziro la mu 2011 linatsekeratu khomo la chikwapu, ndipo m'sukulu zambiri chikwakwa ndi chimene chinatsala m'manja mwa aphunzitsi. Pulogalamu ya SHAPE ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yothandizidwa ndi dziko la Sweden, inayesa kudzutsanso mzimu wodzidalira, koma mayeso a Giredi 7 ankangofunsabe za m'buku.

Chimene ana anachikonda ndi mtima wonse chinachokera kwina. Mu 1972, chaka chimene South Luangwa inakhala National Park, bungwe la Wildlife Conservation Society of Zambia linayambitsa magazini ndi makalabu a Chongololo a ana a pulayimale. Dzinalo ndi la bongololo uja wa miyendo yosawerengeka amene amadzipinda ukamukhudza. Magazini inkafika ndi zithunzi, nkhani za nyama, mitengo ndi tizilombo, pamodzi ndi kabuku kothandiza mphunzitsi. Mu 1978 kunayamba pulogalamu ya pa wailesi ya Chongololo Club of the Air, ndipo pambuyo pake a sekondale anapatsidwa makalabu awo a Chipembele. Mu 1990 ntchitoyi inalandira mphoto ya Global 500 ya bungwe la United Nations loona za chilengedwe.

Kusiyana kwake ndi PU kunali kwakuti ku Chongololo kunalibe kukakamiza, ndipo mwana ankafunsidwa zimene akudziwa. Kalabu ikatuluka kukayenda kuseri kwa sukulu, uja wosalankhula m'kalasi, amene masamu ankamuzunguza, ndi amene ankatchula dzina la mtengo uliwonse ndi ntchito yake, kusiyanitsa phazi la gwape ndi la mbuzi, ndi kunena mbalame imene ikulira osaiona. Kwa ana ambiri a kumudzi, aka kanali koyamba kuti nzeru za kwa agogo ziyamikiridwe pabwalo la sukulu.

Panali mfundo yovuta, imene okonda Chongololo sakonda kuikamba. Kalabu inkauza mwana kuti ataye legeni, asafwanthule zisa, asatenthe tchire posaka mbewa. Pa za lupsa analondola ndithu, chifukwa moto wa osaka mbewa wapsereza nkhalango ndi nkhokwe zambiri. Ndipo zaka zimenezo nyama zinkathadi: njovu za m'chigwa cha Luangwa zinaphedwa zikwizikwi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, chipembere chinatheratu, mpaka mu 2003 anachita kukatenga zina ku South Africa n'kuziika ku North Luangwa. Koma opha njovu ndi mfuti zankhondo sanali ana a Giredi 5. Mwana wa kwa Sandwe kapena kwa Nyalugwe ankaimba za kukonda njovu masana, usiku n'kukagona m'dindiro akuimba zitini kuti njovu yomweyo isamalize mapira a amayi ake. Ankaona alendo olemera akuloledwa kuombera nyama m'dera la West Petauke atalipira laisensi, pamene malume ake ankamangidwa chifukwa cha khwekhwe la waya. Mapulogalamu a pambuyo pake anayesa kutseka mpata umenewu: ADMADE, imene inayamba kugawira midzi gawo la ndalama za nyama chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi COMACO ya Dale Lewis, imene imalandira mfuti ndi makhwekhwe kwa alenje n'kumawagula mtedza, mpunga ndi uchi, ndipo ili ndi alimi ake ku Nyimba.

Nkhondo ya ku Mozambique inakumbutsa anthu kuti luso lopulumukira kutchire silinathe ntchito. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinkadumpha malire n'kuukira midzi ya kum'mawa kwa Zambia, mabanja n'kumagona kuthengo. Othawa nkhondo ochokera ku Tete, amene ena mwa iwo anayenda masiku ambiri akudya zipatso ndi mizu, anasonkhanitsidwa ku Ukwimi kuyambira mu 1987. Kumeneko anapatsidwa minda ndi sukulu, n'kumadzidyetsa okha mpaka pamene ambiri anabwerera kwawo cha mu 1994. Ukwimi lero ili m'boma la Lusangazi, limene linapatulidwa ku Petauke mu 2018.

Pali gulu lina la ana limene maphunziro a kutchire linawalandira mopitirira muyeso: abusa a ng'ombe. M'midzi ya kumtunda ya Petauke, monganso ku Katete ndi Chadiza, mnyamata amaperekedwa kwa mwini ng'ombe kuti awete zaka zitatu kapena zinayi, malipiro ake n'kukhala ng'ombe imodzi. Amadziwa msipu, nkhupakupa, mitambo ya mvula ndi mankhwala a chilonda, koma dzina lake salemba. Mafumu ndi boma akhala akudzudzula mchitidwewu kwa zaka zambiri. Makolo amayankha kuti ng'ombe imaoneka ndi maso ndipo imakoka pulawo, pamene satifiketi ya mwana wa mnansi ili m'sutikesi. Maphunziro aulere a pulayimale a mu 2002, ndi a mpaka sekondale a mu 2022, anabweza ambiri m'kalasi, ndipo makalasiwo anadzaza mpaka ena kukhala pansi. Mphunzitsi wa ana 80 kapena kuposa saganiza n'komwe zowatulutsa kukayenda kudambo.

Ndondomeko ya maphunziro ya mu 2013 inatsegula njira ziwiri, ya m'buku ndi ya ntchito zamanja, n'kulamula kuti magiredi oyamba aziphunzira m'chinenero cha m'deralo, chimene kum'mawa kuno ndi Chinyanja, ngakhale ana ambiri a ku Petauke ndi Nyimba kunyumba amalankhula Chinsenga. Ndondomeko ina ya mu 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, ikutsindikanso za luso loti mwana azitha kuchita ndi manja, ndipo boma likulimbikitsa kuti PU idzuke kuti ithandize kudyetsa ana kusukulu. Ku Ulaya nako zinthu zinatembenuka. Kuyambira pamene aphunzitsi a koleji ya Bridgwater ku England anakaona sukulu za mkaka za m'nkhalango ku Denmark mu 1993, makolo a ku England amalipira ndalama kuti ana awo akaphunzire kukoleza moto, kusema ndi mpeni ndi kukwera mitengo, zimene mwana wa kwa Mwape amakalipiridwa akachedwa nazo kusukulu.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, chinapsereza chimanga chili chofika m'chiuno. Mabanja ambiri anabwerera ku zipatso za kutchire, ku mbewa ndi ku madimba a m'mphepete mwa mitsinje, ndipo amene ankadziwa kumene zili anali agogo ndi ana aja oyendayenda.

M'sukulu za kuchigwa, kutsika kuchokera ku Nyimba kapena ku Kacholola, maphunziro a panja sanalembedwe pa ndandanda ya maphunziro, koma amachitika m'mawa uliwonse. Ana amanyamuka m'magulu, aakulu patsogolo. Akapeza ndowe za njovu panjira, wina amazigwira ndi kumbuyo kwa dzanja kuti amve ngati zikadali zofunda, wina amatapa fumbi n'kulisiya kuti ligwe aone kumene mphepo ikulowera. Mvula ikagwa kumapiri amayang'ana mtundu wa madzi ndi zinyalala zimene mtsinje wanyamula asanaikemo phazi, ndipo sawolokera pamalo akuya odikha, pamene ng'ona imakonda. Mphunzitsi watsopano wochokera ku koleji ya ku Chipata kapena ku Lusaka, sabata zake zoyamba, akamapita kumsewu kukakwera galimoto ya kuboma, ahedi amamupatsa anyamata awiri a Giredi 6 kuti amuperekeze. Iye amayenda pakati, atanyamula chikwama, akuchita zimene anawo akumuuza.